Kodi bungwe loyang'anira ena likalemba anthu ntchito mwachinsinsi, limayankha kwa ndani?

Nangondo wa ku Chilomoni analemba:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa malamulo, kapena amene anagwirapo ntchito m'mabungwe a boma, kuti andiunikire. Ine ndinachita maphunziro a uinjiniya, ndipo ndagwira ntchito zaka 9 pa kampani ina mumzinda wa Blantyre. Chaka chatha ndinaona m'nyuzipepala kuti bungwe lina la boma, mwa mabungwe aja amene amapereka ziphaso kwa makampani ndi kuwayendera kuti aone ngati akutsata malamulo, likufuna anthu awiri oti akhale oyendera. Dzina la bungwelo sinditchula, ndipo ndineneretu kuti si limodzi mwa aja amene mbiri yawo yakhala ikumveka pa wailesi, kuopa kuti wina angaloze chala kumene kulibe mlandu.

Ndinatumiza kalata pamodzi ndi mapepala anga onse, ndipo patapita mwezi ndinaitanidwa ku Lilongwe kukayankha mafunso. Tinalipo anthu 6, amayi awiri ndi abambo anayi, ndipo chifukwa choti tinakhala pa benchi imodzi ya pakhonde kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tinadziwana maina ndi kupatsana manambala a foni. Mlembi anabwera ndi pepala lokhala ndi maina 6 omwewo, tonse tinasainapo, ndipo panalibe dzina lina. Potuluka anatiuza kuti tidzamva zotsatira pasanathe milungu itatu. Ndalama ya basi ndi ya malo ogona inachoka m'thumba mwanga, ndipo masiku awiriwo kuntchito kwanga anandidula pa tchuthi.

Lero papita miyezi 7 ndipo sindinalandire kalata, ngakhale ya mizere iwiri yondiuza kuti sindinachite mwayi. Mmodzi wa abambo aja anandiimbira foni kundiuza kuti iye anatengedwa, ndipo ndinakondwera naye ndi mtima wonse chifukwa anaoneka kuti ndi munthu wodziwa zinthu. Koma anandiuzanso motsitsa mawu kuti mnzake amene wayamba naye ntchito tsiku limodzi sanali pa benchi ija, ndipo palibe aliyense wa ife amene anamuona tsiku la mafunso.

Sindikunena kuti ntchitoyo inali yanga, chifukwa n'kutheka kuti pa anthu 6 aja ndinali wachisanu. Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: kodi munthu amene sanatengedwe ali ndi ufulu wofunsa mmene chisankho chinayendera, kapena bungwe lotere lili ngati golosale ya munthu, imene mwini wake amalemba amene wamukonda? Ngati ufuluwo ulipo, ndiyambe kugogoda pa khomo liti? Ndipo funso limene likundivuta koposa n'lakuti bungwe limene limatseka mabizinesi a anthu chifukwa chosatsata ndondomeko, ilolo likaphwanya ndondomeko yake yomwe, amaliyendera ndi ndani?

Bambo Gama wa ku Zomba anayankha:

Mayi Nangondo, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Ine ndisanapume ndinagwira ntchito zaka zoposa 20 mu ofesi yoona za ogwira ntchito m'mabungwe awiri a boma, choncho ndikufotokozerani mmene zinthu zimayenera kuyendera, ndi pamene zimapotokera.

Bungwe lotere si golosale ya munthu. Limakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndalama zake zimachokera ku misonkho ndi ziphaso zimene anthu amalipira, ndipo limakhala ndi buku la ndondomeko za ntchito limene bodi yake inavomereza. Kulemba munthu mmodzi ntchito kumasiya mulu wa mapepala m'mbuyo. Pamakhala kalata yosonyeza kuti malowo alipodi pa mndandanda wa maudindo ovomerezeka, chilengezo cha m'nyuzipepala chofotokoza maphunziro ofunika, kaundula wa makalata onse amene anafika tsiku lotsekera lisanadutse, lipoti la amene anasankha oti aitanidwe, pepala lija munasainalo, mapepala a malikisi a wofunsa aliyense payekhapayekha, ndipo pamapeto pake lipoti losanja anthu kuyambira woyamba mpaka womaliza, losainidwa ndi onse amene anafunsa mafunso. Munthu amene walowa moyenera dzina lake limapezeka pa mapepala onsewa, ndipo likasowa pa limodzi pamafunika chifukwa cholembedwa.

Ndikupempheni kuti musafulumire kuweruza, chifukwa zilipo njira zovomerezeka zimene munthu angalowere osakhala pa benchi yanu ija. Mwina anali kale m'bungwemo ndipo wangokwezedwa, mwina wabwerekedwa kuchokera ku unduna, mwinanso anafunsidwa mafunso tsiku lina chifukwa anali kudwala kapena anali kunja kwa dziko. Zonsezi zimachitika, koma nazonso zimasiya mapepala, ndipo ofesi imene yayenda njira yotere siivutika kuwaonetsa.

Njira inayo ndinaiona ndi maso angawa. Tsiku lina tinamaliza mafunso a ntchito ya akawuntanti n'kusaina lipoti madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake ndinaitanidwa ku ofesi ya bwana wamkulu. Pa tebulo panali envulopu ya khaki yosamata, ndipo m'kati mwake munali mapepala a mnyamata amene sanafunsire n'komwe ntchitoyo. Bwanayo sanandiyang'ane kumaso. Anangokankhira envulopu ija kwa ine n'kunena kuti, "Izi zachokera kumwamba, muone chochita." Iye sanalembe kanthu, sanasaine paliponse, ndipo amene anaimba foni kumwambako sanasiyenso phazi. Amene akanasaina kalata yolemba mnyamatayo ntchito ndi ine, ndipo tsiku lofufuza likanafika, dzina lopezeka m'fayilo likanakhala langa. Ndinapempha mwaulemu kuti andilembere lamulolo pa pepala kuti ndiliike m'fayilo, ndipo envulopu ija inabwerera m'dirowa. Chaka chimenecho dzina langa linachoka pa mndandanda wa opita ku maphunziro, ndipo ndinakhala pa giredi imodzi zaka 6. Ndisakunamizeni kuti nthawi zonse ndinkalimba mtima chotere, ayi. Inalipo nthawi ina pamene ndinali ndi ana atatu ku sekondale, ndipo ndinasaina.

Mwafunsa za amene amayendera woyendera. Pa pepala alipo ambiri. Woyamba ndi bodi, imene imayenera kufunsa akuluakulu a bungwe za munthu aliyense amene walowa, koma mamembala a bodi amasankhidwa ndi boma lolamula, ndipo boma likasintha mabodi amathetsedwa, monga zinachitikira mu 2020. Pamwamba pa bodi pali dipatimenti yoona za mabungwe a boma, kenako mkulu wowerengera ndalama za boma amene malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo, makomiti a aphungu amene amatha kuitana akuluakulu a bungwe kuti adzayankhe pamaso pa atolankhani, bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndi ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama.

Mwa onsewa, amene waonetsa mano pa nkhani za kalembedwe ka ntchito m'zaka zapitazi ndi Ombudsman. Mayi Martha Chizuma asanachoke pa udindowo mu 2021 kupita ku ACB, anafufuza bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi positi, ndipo anapeza kuti ena mwa akuluakulu ake analembedwa ntchito mosatsata ndondomeko. Chaka chomwecho Mayi Grace Malera, amene analowa m'malo mwawo, anafufuza kalembedwe ka mkulu wa bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo nkhani inagona pa digiri yachiwiri imene chilengezo cha ntchitoyo chinkafuna, ngati wosankhidwayo anali nayo kale pa nthawi yofunsira. Bodi ya MERA inakatenga chiletso kukhoti pa tsiku limene lipotilo linkatulutsidwa, m'mwezi wa Novembala, ndipo mkanganowo unasamukira m'mabwalo a milandu. Mukaonetsetsa, pa nkhani ziwiri zonsezi ofufuza sanadalire mphekesera za m'makhonde. Anaitanitsa chilengezo, mafayilo ndi maminitsi a bodi, n'kuziyala pamodzi kuti aone pamene sizikugwirizana. Inunso yendani njira yomweyo.

Nachisale wa ku Area 47 anayankha:

Mayi Nangondo, popeza Bambo Gama afotokoza za m'kati mwa ofesi, ine ndiyankhe mbali ya malamulo. Ufulu wofunsa muli nawo, ndipo sukudalira chifundo cha bungwelo. Gawo 12 la Malamulo Oyendetsera Dziko limanena kuti aliyense wokhala ndi mphamvu za boma amazigwira mongosungira eni ake, amene ndi anthu a m'dziko lino. Gawo 43 limapatsa munthu aliyense ufulu woti chisankho cha ofesi ya boma chimene chikumukhudza chikhale chotsata lamulo ndi chachilungamo m'kachitidwe kake, komanso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa. Magawo amenewa sakulonjezani ntchito, koma akulonjezani kuti mpikisano umene munaitanidwako unayenera kukhala mpikisano weniweni, ndiponso kuti mukafunsa chifukwa, yankho libwere pa pepala osati pakamwa.

Khomo loyamba ndi bungwe lomwelo. Gawo 37 limanena za ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka ufuluwu, lija la Access to Information, aphungu analivomereza mu Disembala 2016, ngakhale linachedwa mpaka pa 30 Seputembala 2020 kuti liyambe kugwira ntchito. Lamuloli limafuna kuti bungwe lililonse la boma likhale ndi ofesala wolandira mapempho otere, ndipo liyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Lembani kalata yaifupi, yopanda mkwiyo ndi yosaneneza munthu, yotchula dzina la ntchito, tsiku limene chilengezo chinatuluka ndi tsiku limene munayankha mafunso. Pemphani malikisi anu ndi malo amene munakhala pa mndandanda, chiwerengero cha anthu onse amene anafunsidwa mafunso ndi masiku amene anafunsidwa, ndime ya m'buku la ndondomeko yonena za kalembedwe ka ntchito, ndi njira imene malo awiriwo anadzazidwira. Musapemphe masatifiketi kapena malipiro a munthu winayo, chifukwa lamulo lomweli limateteza zinsinsi za munthu payekha, ndipo mukazipempha mudzakhala mutawapatsa nokha chifukwa chokanira kalata yonse. Mafunso anayi ndatchulawa ndi okwanira, popeza ngati ayankha kuti ofunsidwa anali 6 pa tsiku limodzi, ndipo malo awiri onse anadzazidwa kudzera m'chilengezo chija, ndiye kuti nkhani yanu aifotokoza okha.

Akakana kapena akangokhala chete, mutha kupempha mkulu wa bungwelo kuti aunikenso, ndipo zikakanika pamenepo mupite ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Khomo lina ndi la Ombudsman, amene malinga ndi gawo 123 amafufuza madandaulo a munthu amene wachitiridwa zosalungama pamene palibe njira ina yapafupi yopezera thandizo. Kumeneko simulipira kanthu ndipo simufunika loya, ndipo maofesi ake ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pano ndiwonjezere pang'ono pa zimene Bambo Gama anena, kuti musapite ndi chiyembekezo choposa muyezo. Ofesiyi imalandira madandaulo ochuluka, kufufuza kumatenga nthawi, ndipo chigamulo chake chikhoza kukatsutsidwa ku High Court, kumene nkhani imatha kukhala zaka. Chitsanzo cha MERA chimene apereka chikuonetsa zonse ziwiri, mphamvu ya ofesiyo ndi malire ake.

Njira yopita nokha ku High Court kukapempha kuti iunike chisankhocho ilipo, koma imafuna ndalama za loya, ndipo malamulo a khoti amafuna kuti pempho lotere lilowe pasanathe miyezi itatu chichitikireni chisankho chimene mukudandaula nacho. Inu mwatha miyezi 7 mukudikira mwaulemu, ndipo kudikira kumeneku kumakomera bungwe, osati inu. Komabe akakana kukupatsani uthenga, kukanako kumakhala chisankho chatsopano chimene masiku ake amayamba kuwerengedwa pamenepo.

Pali malamulo ena awiri amene anthu amathamangira kuwatchula, ndipo ndi bwino kuwamvetsa musanawagwiritse ntchito. Gawo 5 la lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa tsankho, ndipo limateteza ngakhale munthu amene akungofunsira ntchito, koma pamafunika umboni woti munasalidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale, ulumali, kukhala mayi kapena china chotere. Gawo 11 la lamulo la Gender Equality Act la 2013 limafuna kuti polemba ntchito m'boma amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60, koma chiwerengerochi chimayang'ana dipatimenti yonse, osati malo awiri okha amene munkapikisanawo. Mutha kufunsa chiwerengero cha amayi ndi abambo mu dipatimentiyo, koma musamange mlandu wanu wonse pa mfundo imeneyi. Za ACB dikirani kaye, chifukwa ngakhale kugwiritsa ntchito udindo molakwika ndi mlandu pa gawo 25B la lamulo la Corrupt Practices Act, pakadali pano chimene muli nacho ndi mawu a pa foni, ndipo mawu a pa foni sapita patali.

Jere wa ku Mzuzu anayankha:

Ine si wamalamulo. Ndili ndi magalimoto ochepa onyamula katundu ndi malo okonzera zitsulo, choncho ndilankhula ngati munthu amene amayenderedwa. Mayi Nangondo, ena angaone nkhani yanu ngati dandaulo la munthu mmodzi amene waphonya ntchito, koma ife amene timalandira oyendera pa geti timadziwa kuti wolowera pawindo uja ndi amene mawa adzabwere ndi fomu kudzaweruza ngati malo athu ali oyenera kutsegulidwa. Munthu wolembedwa chifukwa cha foni amadziwa kuti ngongole yake ili kwa woimba foniyo, ndipo akapalamula palibe womukhudza, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Komabe ndikusiyana pang'ono ndi Bambo Gama ndi Mayi Nachisale, chifukwa onse aima pa khomo lolowera. Munthu akhoza kulowa pa khomo loyenera, ndi malikisi apamwamba, n'kukawonongekera m'kati chifukwa cha mmene bungwe likumusungira. Zaka zingapo zapitazo ndinkadikira woyendera wa bungwe lina kuti adzaone malo anga atsopano. Nditadikira miyezi iwiri ndinaimba foni, ndipo mnyamata waulemu wake anandiuza mosabisa kuti oyendera ndi ochepa, galimoto ndi imodzi, ndipo mafuta a mwezi umenewo anatha kale. Anati ngati ndili pachangu, nditumize galimoto yanga. Dalaivala wanga anakamutenga m'mawa, masana anadya nsima ya nkhuku ya ndalama zanga, ndipo madzulo anam'bweza. Sanapemphe chiphuphu, ndipo zimene analemba zinali zoona, koma usiku umenewo ndinadzifunsa kuti akanapeza cholakwika chachikulu, akanachilemba ndi mtima wotani, ulendo wobwerera kwawo uli m'manja mwa dalaivala wanga. Bungwe limene limapeza ndalama za misonkhano ya kunyanja koma n'kusowa mafuta a woyendera lasankha kale chimene limachiona chofunika, ndipo chisankho chimenecho ndi ndondomeko ya ntchito ngakhale sichilembedwa m'buku lililonse.

Kwa akuluakulu vuto ndi lina. Ambiri amalembedwa pa kontrakiti ya zaka zitatu, ndipo chaka choyamba amaphunzira ntchito, chachiwiri amaigwira, chachitatu amayang'ana nkhope za amene adzasaine kontrakiti yatsopano. Taonani nkhani ya mafuta. Lamulo la 2004 limene linakhazikitsa MERA linkafuna bungwe loima palokha, ndipo ndondomeko ya mitengo ndi yodziwika: amawerengera ndalama zofikitsira mafuta m'dziko muno, ndipo zikasintha kupitirira 5 peresenti mtengo wa pa pampu uyenera kusintha, pamene kusintha kochepera apo kumatsekedwa ndi thumba lokhazikitsira mitengo. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anafika pa K2,734. Kenako mitengoyo inaima pomwepo kwa nthawi yaitali, thumba lija litauma, makampani oitanitsa mafuta akudandaula za ndalama zimene sanabwezeredwe, uku magalimoto akugona pa mizere ndipo mavenda a zigubu akukolola. Akatswiri odziwa masamuwo analipo. Chimene ine ndimafunsa n'chakuti katswiri amene tsogolo la ntchito yake lili m'manja mwa andale angalimbe mtima mpaka pati kunena chimene masamu akunena. Tisaiwalenso za 2016, pamene K2.9 biliyoni ya m'thumba lomwelo inapita kukagulira ADMARC chimanga, nkhani imene inafika ku Nyumba ya Malamulo ndipo akuluakulu ena a bungwelo anachotsedwa ntchito pambuyo pake.

Chinanso chimene sindimamva anthu akukamba ndi khomo lotulukira. Amene lero akuyendera kampani, mawa amapezeka ali manijala pa kampani yomweyo, ndipo sitidziwa kuti zokambirana za ntchito yatsopanoyo zinayamba liti. Lamulo la 2013 lokakamiza akuluakulu a boma kulengeza chuma ndi mabizinesi awo limathandiza mbali ina, koma silitiuza zimenezi.

Chimene ndingafune n'chosavuta. Mu 2023 ESCOM itapempha kukweza mtengo wa magetsi, MERA inachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu isanavomereze 50.8 peresenti yogawidwa pa zaka zinayi. Ngati n'zotheka kuika masamu a magetsi poyera, n'chiyani chingalepheretse bungwe lililonse loyang'anira kulemba m'lipoti lake la pachaka kuti malo opanda anthu analipo angati, analengezedwa liti, ofunsira anali angati, olembedwa ndi angati, amayi angati, oyendera alipo angati m'chigawo chilichonse, ndi angati anachoka kupita ku makampani amene ankawayendera? Zimenezi siziulula chinsinsi cha munthu, ndipo zimakwana pa tsamba limodzi.

Nangondo wa ku Chilomoni anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka Bambo Gama chifukwa chonena ngakhale zimene sizikukukomerani. Kalata ndiilemba monga Mayi Nachisale alangizira, koma ndili ndi nkhawa ziwiri zimene ndisabise. Ntchito yathuyi ndi ya anthu ochepa odziwana, ndipo kampani imene ndikugwirako imatenga chiphaso ku bungwe lomwelo, choncho ndikuopa kuti kalata yanga ingabwerere kudzera pa tebulo la abwana anga, kapena kuti dzina langa lingadziwike ngati la munthu wovuta ndikadzafunsiranso ntchito kwina. Nkhawa yachiwiri ndi ya bambo amene anandiimbira foni aja, amene akadali pa miyezi yoyesedwa ndipo ali ndi banja. Sindikufuna kuti chilungamo changa chiwaphere ntchito.

Bambo Gama wa ku Zomba anayankhanso:

Mayi Nangondo, mantha anuwo ndi oona ndipo sindikuuzani kuti palibe chimene chingachitike, chifukwa anthu amalankhula, ndipo ndinaonapo dzina la munthu likudumphidwa pa mndandanda popanda wonena chifukwa. Koma ndikuuzeninso mmene kalata yotere imayendera ikafika. Imalowa ku rejisitale, amaidinda chidindo cha tsiku, amailemba m'kaundula, kenako imapita kwa woona za ogwira ntchito ndi kwa loya wa bungwe. Foni munthu amatha kuikana kuti sanailandire, koma kalata ya nambala ya m'kaundula siitayika mosavuta, ndipo loya akaona kuti yatchula lamulo ndi masiku 15, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuitanitsa fayilo. Nthawi zambiri amene amasowa tulo pamenepo si wolemba kalata, koma amene anasaina popanda pepala lom'teteza. Komanso munthu amene wadandaula polemba amavuta kumuzunza poyera, chifukwa chilichonse chom'chitikira pambuyo pake chimaoneka ngati kubwezera, ndipo chimakhala dandaulo lachiwiri lokhala ndi tsiku lake.

Bambo anakuimbirani foni aja musawatchule paliponse, ngakhale ku Ombudsman pa chiyambi, ndipo musalembe kuti mwamva kuti wina analowa mosayenera. Simukusowa kutero, popeza funso loti malo awiri anadzazidwa bwanji likhoza kufunsidwa ndi aliyense amene anali pa benchi ija. Muwadziwitse kuti mukulemba kalata kuti asadzidzimuke, koma musawapemphe pepala lililonse la m'kati, chifukwa chimenecho ndiye chingawachotsetse ntchito. Anzanu anayi otsala aja muli ndi manambala awo, ndipo ngati awiri kapena atatu angalembe aliyense kalata yake yofunsa za malikisi ake, palibe mmodzi amene adzaoneke ngati mtsogoleri wa chiwembu.

Kalatayo musailembe pa pepala la kampani yanu ndipo musaitumize kudzera pa imelo ya kuntchito. Pitani nayo nokha kapena mutume munthu wodalirika ndi makope awiri, imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku mubwere nayo. Muisunge pamodzi ndi chilengezo cha m'nyuzipepala, kalata kapena uthenga umene anakuitanirani ku mafunso, ndi malisiti a ulendo uja ngati akadalipo. Kenako muwerenge masiku 15 pa kalendala, kudumpha Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, ndipo tsiku lotsatira lake, yankho libwere kapena lisabwere, mudzatiuze kuti Mayi Nachisale akuthandizeni kalata yachiwiri.